Chala Chinalibe Mlandu

Amayi anga satapa mchere ngati anthu ena. Amauthira m'chikhatho cha dzanja lamanja, kenako n'kuukankhira mumphika ndi zala za kumanzere. Ndiye ndiwo zawo lero zimawawa mchere, mawa zimakhala ngati wophikayo anaitanidwa pakhomo asanamalize. Chala chawo chachikulu cha kumanja ndi chamkombaphala sizipinda kunsonga. Zalazo n'zamoyo ndithu, zikagunda moto amamva kutentha, koma mukawauza kuti atole singano pansi, zimangogundana mimba ndi mimba zili chiwongokere, singano n'kutsala pomwepo.

Zinawayamba tili ku Malawi, cha ku Dedza, kumene tinathawira nkhondo kuchokera kwathu ku Angónia. Ine ndinali ndisanayambe shikola, kapena kuti sukulu. Amanena kuti ankaumba njerwa pa ganyu, ndipo mkono unayamba kuwawa m'munsi mwa chigongono. Azimayi anzawo anachita zimene aliyense wa kwathu akanachita. Anang'amba kansalu n'kuwamanga mothina pamwamba pa malo owawawo, kuti ululu usakwere kupita kumtima. Ululu unathadi, koma zala ziwirizo sizinadzukenso. Kansaluko amayi sanakasiye. Kakatha ankang'amba kena ku chitenje chakale, chimene kuno timati kapulana, moti ine ndinakula osauona mkono wawo uli wosamanga.

Kuluka tsitsi ndinaphunzira chifukwa cha dzanja lomweli. Anzanga ankabwera ku shikola mitu ili mizeremizere, ine ndili mbee ndi mpala, poti amayi ankangondimeta ndi lumo. Zinkandipweteka kwambiri, ndipo ndinkawakwiyira. Ndinayamba kuluka ndevu za chimanga, kenako udzu, kenako mutu wa aliyense amene wakhala pansi mosasamala. Titabwerera kwathu nkhondo itatha, atsikana a m'mudzi ankandifunafuna kale. Nditakula ndinatsikira kuno ku Tete, amayi n'kudzanditsatira bambo atamwalira. Timakhala ku Degue, ndipo malo anga antchito ndi khonde la nyumba yathu, pafupi ndi mtengo wa masau umene umapereka mthunzi wongokwanira anthu awiri osanenepa.

Ntchito yoluka imakuonetsa zinthu zimene eni mitu sazidziwa. Palibe mitu iwiri yofanana. Wina tsitsi lake limazungulira pamalo awiri pakati pa mutu, ndipo mzere umakana kuwongoka ngakhale utaukalipira. Wina ali ndi kafupa kotumphuka kunkhongo, wina ali ndi kadzenje kamene chala chimagweramo. Zimenezi zinkandisangalatsa, ndinkaziuza eni ake, ena n'kupsa nazo mtima. Koma za m'kati mwa thupi sindinkaziganizira n'komwe. Ndinkangoti m'katimo tonse ndife amodzi, monga mbuzi za kumsika, zimene ukatumbula iyi ndi iyo umapeza zomwezo pamalo omwewo.

Vuto langa linayamba m'nyengo yotentha, pamene Tete amawotcha mpaka abuluzi kubisala. Inali nthawi ya maukwati, ndipo aliyense ankafuna mesha zazitali zofika m'chiuno, tating'onoting'ono. Ndinkaluka kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Mkono wamanja unayamba kuwawa cham'kati, m'munsi mwa chigongono, ululu wosabaya koma wosachoka. Ndinati ndi kutopa. Tsiku lina ndikuluka mayi wina wa Chinyungwe wogulitsa nsomba zouma za chikowa, tsitsi linapulumuka m'zala zanga. Ndinaligwiranso, linapulumukanso.

"Mana, mukusinza kodi?" anafunsa mayiyo osacheuka.

Ndinali nditakweza dzanja langa n'kumaliyang'ana. Ndinayesa kugundanitsa nsonga ya chala chachikulu ndi ya chamkombaphala, koma zinakumana mimba ndi mimba, zili chiwongokere. Dzanja limenelo ndinkalidziwa, ndinakula ndikuliona likukankha mchere. Ndinachita mantha kuposa tsiku limene tinathawa kwathu, chifukwa tsiku lija ndinali pamsana pa munthu, koma apa ndinali ndekha ndi dzanja limene limatidyetsa.

Amayi anaona tikudya, nditalephera kuchotsa munga m'nsomba. Analowa m'nyumba, ndinamva kapulana ikung'ambika, ndipo anatuluka ndi kansalu kofiira. Anandimanga pomwe iwo amamanga, akukoka mbali ina ndi mano, mpaka mitsempha ya pamkono inatuluka.

"Kathina, amayi."

"Kazithina. Ukufuna ufike kumtima?"

Ndinawasiya. Tinakhala pakhonde anthu awiri, wina kansalu kofiira wina kobiriwira, ngati a mpingo umodzi.

Kenako anayamba kubwera odziwa. Ku Degue munthu sudwala wekha, aliyense wodutsa amasiya mankhwala ake. Wina anati ndizithowa zala ndi madzi otentha, ndinathowa mpaka khungu linasuwa. Wina anazikoka mpaka zinalira. Wina anabweretsa mafuta amene ankati ndi a nsato, ngakhale kuti ankanunkha ngati a nkhumba. Amayi ananditengera kwa nkhalamba ina ku Mpadue, imene inanditema mphini kuzungulira chala chachikulu n'kupakamo zakuda. Onsewa ankalimbana ndi zala, poti zala ndi zimene zinkakana ntchito. Inenso ndinkazitukwana, ndinkazimenyetsa pabondo n'kumazifunsa kuti ndinazilakwira chiyani. Makasitomala anayamba kudutsa pakhonde langa akuyang'ana kumbali, mitu italukidwa kwina.

Chimene chinanditsegula mutu ndi phazi la nkhuku. Lamlungu lina ndinapha nkhuku, ndipo ndikudula miyendo movutikira ndi dzanja lamanzere, ndinaona kachingwe koyera katatulukira podulapo. Ndinakumbukira masewera a ubwana. Tinkatola mapazi a nkhuku, n'kumakoka kachingwe kameneka, zala za nkhuku yakufa n'kumafumbata, ife n'kumaopseza nazo ana aang'ono. Ndinakakoka ndi mano. Zala zinafumbata. Ndinakasiya, zinatambasuka. Ndinaima pamenepo phazi la nkhuku lili kukamwa, amayi akundiyang'ana ngati ndayamba misala.

Ndinaganiza kuti ngati zala za nkhuku zimakokedwa kuchokera kumtunda, nanga za munthu? Ndinagwira mkono wanga wabwinowo m'munsi mwa chigongono, n'kuyamba kupinda zala chimodzichimodzi. Pansi pa khungu panali kuyenda zinthu. Chala chilichonse chikapinda, penapake pamkono pankadumpha, kutali ndi chalacho. Zaka zonsezi ndakhala ndikudya ndi zala zimenezi, osadziwa kuti mwini mphamvu amakhala kumtunda.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka chosokoneza cha m'bairo, dera lathu lonse. Popeza ntchito inali itaima, ndinali ndi nthawi yambiri yogwira mikono ya anthu. Wogulitsa makala, mayi wa chikowa uja, atsikana odikira madzi pampopi, aliyense ndinkamuuza kuti apinde zala ine nditamugwira. Ndipo ndinapeza chinthu chimene sindinkachifuna n'komwe. Munthu akagundanitsa chala chachikulu ndi chaching'ono n'kupinda dzanja pang'ono, pakati pa mfundo ya dzanja pamatuluka kachingwe. Ambiri kankatuluka. Koma ena kunalibe, panali see. Mayi wa chikowa anali nako kumanja, kumanzere alibe, ndipo anadandaula tsiku lonse kuti wina anamubera ali mtulo. Wamakala analibiretu mbali zonse, chonsecho ndi munthu amene amanyamula thumba ndi dzanja limodzi. Apa ndi pamene ndinayamba kukayikira nkhani yanga ya mbuzi ija.

Ku chipatala ndinapita chifukwa cha mafunso kuposa chikhulupiriro. Amayi sanafune.

"Akakudula," anatero. "Langali lakhala zaka zonsezi, kodi ndafa?"

"Simunafe, amayi. Koma simuluka."

Ndinaona kuti mawuwo awabaya. Anatembenuka n'kuyamba kusesa pamalo posesa kale, ine n'kunyamuka kukakwera shapa, minibasi ya kuno.

Dotolo amene anandiona anali mzimayi wamfupi, wolankhula Chiputukezi chothamanga, ndipo tsitsi lake linali lolukidwa ndi munthu wopanda chisoni. Anayang'ana mphini za pachala changa. Anapanga kabowo kozungulira ndi chala chake chachikulu ndi chamkombaphala, n'kundiuza kuti nditsanzire. Kumanzere ndinapanga. Kumanja zinagundana mimba ndi mimba. Anandikanda nsonga za zala ndi kamtengo n'kufunsa ngati ndikumva, ndinati ndikumva bwinobwino, dzanzi palibe. Kenako anakweza dzanja la bulauzi yanga n'kupeza kansalu kofiira.

"Ichi n'chachiyani?"

"Kuti ululu usakwere kumtima, dotora."

Sanaseke, ndipo ndinamukonda chifukwa cha chimenecho. Anatenga tizora, sizasi yake, n'kudula kansaluko. Pamene panali kansalu panatsala ngalande. Anadina ndi chala chake m'munsi pang'ono mwa ngalandeyo, ine n'kudumpha pampando. Kenako anatenga cholembera n'kuyamba kujambula pamkono panga penipeni. Anajambula mzere wochokera pachigongono kutsika, nati umenewu ndi nervu, mtsempha umene suyendamo magazi koma uthenga. Umauza minofu kuti ikoke. Anajambula kanthambi kopatuka pamzerewo kulowa cham'kati, nati kameneka ndi kamene kamalamula nsonga za zala zanga ziwirizo, ndipo penapake uthenga ukutsekeka.

Ndinamuuza za phazi la nkhuku. Apo ndiye anaseka, nati ndi momwemo ndithu. Ndinamuuzanso za kachingwe ka pamfundo ya dzanja kamene ena ali nako ena alibe. Anaonetsa mkono wake, iyenso analibe. Anati minofu ya mkono siibwera mofanana mwa anthu onse. Wina amabadwa mnofu wina ukusowa, wina amabadwa ndi kamnofu kowonjezera, ndipo ambiri amakalamba mpaka kufa osadziwa. Koma nthawi zina kowonjezerako kamagona modutsa pamwamba pa nervu, ndiye munthu akamagwira ntchito yofinya zala tsiku ndi tsiku, kamakhuthala n'kuyamba kupana. Anati sangalumbire kuti changa ndi chimenecho, chifukwa nervu imathanso kudwala payokha n'kudzachira payokha.

"Nanga kansaluka?" ndinafunsa.

"Sindinganene kuti ndi kamene kanayambitsa. Koma mwamanga pakhomo penipeni pamene pali popanikizika kale."

Anandiuza kuti ndipumitse mkono, ndisamangenso, tidikire tione. Ndinabwerera kunyumba ndi zojambula pamkono, ndipo sindinasambe mkonowo mpaka inki inafufutika yokha. Amayi ataona kuti kansalu palibe anakwiya zenizeni. Anati dotolo wangayo ndi mwana, sanaonepo munthu akugwa ululu utafika kumtima. Anang'amba kansalu kena n'kukaika pa mtsamiro wanga. Ndinakabweza pa mtsamiro wawo. Kanayenda choncho pakati pa zipinda ziwiri kwa nthawi ndithu, osalankhulana za iko.

Mvula inabwera, inapita. Zala sizinasinthe. M'mawa uliwonse ndinkayesa kabowo kaja ndisanadzuke, ndipo m'mawa uliwonse ndinkaona dzanja la amayi kumapeto kwa mkono wanga. Ndinkathandiza mnzanga wina kugulitsa mbatata za ku Tsangano kumsika kuti pakhomo pasagone njala, koma maso anga ankangokhala pamitu ya anthu odutsa, kuona mizere yokhota imene ndikanaiwongola. Nditabwerera ku chipatala anandipaka mafuta ozizira pamkono n'kuyendetsapo kachipangizo ka ekografiya. Pa kanema ndinangoona mitambo, koma dotolo anaona kanthu kamene sanakakonde. Anati nthawi yodikira yatha, tikachedwa minofu idzagona tulo tosadzuka. Anati atsegule.

Pa tsiku la operasawu amayi anandiperekeza mpaka pageti la chipatala, n'kukana kulowa. Anakhala pansi pa mtengo panja tsiku lonse, padzuwa la Tete, atagwira mkono wawo womangawo.

Nditatsitsimuka, chinthu choyamba chimene ndinafunsa sichinali ngati ndichira. Ndinafunsa kuti apezamo chiyani. Dotolo anati kanalimodi, kamnofu kowonjezera, kochokera cha kuchigongono kukalumikizana ndi mnofu umene umapinda chala chachikulu. Kanagona chopingasa pa nervu, ndipo pansi pake nervuyo inali itaphwatalala. Ndinafunsa kukula kwake. Anayeza ndi zala, ndipo kanali ngati kapenta mmodzi wonenepa. Ndinaseka mpaka bala linawawa. Mphini zonse zija, mafuta a nsato, nyengo yonse ya maukwati yotayika, chifukwa cha kapenta mmodzi amene ndinabadwa naye. Ndinapempha kuti andionetse, koma anati anataya, ndipo mpaka lero zimandinyansa kuti sindinakaone.

Kuchira kunachedwa. Bala linapola, chipsera chinatsala, koma zala zinali chikhalire. Dotolo anali atandichenjeza kuti nervu siithamanga. Amayi sananene kuti ndinakuuza, koma ankazinena ndi mmene ankaikira mbale patsogolo panga. Ndiye m'mawa wina ndikusankha nyemba palichero, ndinaona nsonga ya chala chachikulu ikugwedera. Pang'ono chabe, ngati yaweramira munthu wamkulu mwaulesi. Ndinakuwa. Amayi anabwera akuthamanga ndi chipande m'manja, akuganiza kuti ndi njoka. Ndinawaonetsa. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anabwerera kukhitchini, ndipo tsiku limenelo ndiwo zinalibiretu mchere.

Pofika nyengo ya masau ndinali nditayamba kupanga kabowo kaja, kophwanyika pang'ono koma kabowo ndithu. Mayi wa chikowa ndiye anali woyamba kubwerera pakhonde, anati amalolera kuyesedwerapo. Tsiku loti ndikaonedwe komaliza, ndinapeza amayi atavala kale kapulana yawo ya kutchalitchi, atakhala pampando pafupi ndi chitseko.

"Mukupita kuti?"

"Kodi shapayo ndi yako wekha?"

Ulendo uno analowa. Dotolo atamaliza nane, amayi anangotambasula mkono wawo patebulo, kansalu kobiriwira kali pomwepo. Dotolo sanakadule. Anawapempha kupanga kabowo, anawakanda nsonga za zala, anapapasa mkono wonse mofatsa n'kuufananitsa ndi wamanzere. Ine ndinkamasulira. Anafunsa kuti zinayamba liti, amayi anati nthawi ya nkhondo. Dotolo anausiya mkonowo. Kenako anati nervu yake ndi yomweyo, kanthambi komweko. Ngati ndi kamnofu ngati kanga kapena ndi matenda ena, sangadziwe. Koma ngakhale atatsegula lero, minofu imene inkadikira uthengawo inauma kalekale.

Ndinazengereza kumasulira, koma amayi anali atamva kale pankhope yake.

"Ndatenda," anathokoza m'Chinyungwe chawo cha kumsika, n'kudzuka.

Titafika kunyumba anakhala pakhonde, pampando umene pamakhala olukidwa, n'kundiitana.

"Tandionetsa pamene akunenapo."

Ndinagwada n'kuika chala changa pamkono wawo, m'munsi pang'ono mwa kansalu. Mkonowo unali wopyapyala pamenepo kuposa winawo, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo chonsecho ndagwira mikono ya bairo lonse.

"Apa?"

"Apa, amayi."

"Ndiye chalachi chinalibe mlandu." Anachiyang'ana chala chawo chachikulu, chimene chili ndi mphini zakale zambiri kuposa changa. "Ndachitukwana zaka zonsezi. Tsiku lililonse limene ndinkakumeta mpala ndinkachitukwana. Iwe unkalira kutsogolo, ine ndinkalira kumbuyo kwako, sunkandiona. Unkayesa ndinkakumeta chifukwa cha ulesi?"

Ndinamva chisoni, chifukwa ndili mwana ndinkaganizadi choncho.

"Tenga tizora yako," anatero.

Ndinadula kansaluko. Pansi pake panali ngalande yakuya, khungu loyera ndi losalala ngati la khanda. Amayi anaika dzanja pabondo n'kuyesa kupanga kabowo. Anayesa kachiwiri. Kenako anangokhala akuziyang'ana zala ziwirizo, akudikira, ndipo ndinadziwa kuti ngakhale amva zimene dotolo wanena, penapake mumtima akuganiza kuti mwina poti pamasuka, uthenga udutsa. Ndinadikira nawo. Mbuzi zinadutsa pamsewu, wamakala anaitanira malonda ake n'kupitirira. Zala sizinagwedere.

Anapumira m'mwamba, n'kugwira mkono wanga ndi dzanja lawo lomwelo. Anaika chikhatho pachipsera, m'munsi mwa chigongono.

"Tapinda chako."

Ndinapinda chala chachikulu. Pansi pa chikhatho chawo mnofu unadumpha, ndipo ndinaona nkhope yawo ikudabwa ngati yanga tsiku la phazi la nkhuku.

"Ii! Ukuyendadi," anatero. Sanachotse dzanja. "Tapindanso, mwanawe, ndimve."